Prime95: pulogalamu yosaka nambala imene imandigwirira malaputopu odwala

Loweruka lina m'mawa mayi wina analowa mu shopu yanga ku Limbe atakumbatira laputopu, pambuyo pawo pakubwera mnyamata amene ankafuna kuwagulitsa makinawo. Mwana wawo wamkazi anali atasankhidwa kupita ku koleji, ndipo ndalama yogulira anali ataimanga pa kansalu mkati mwa chikwama.

"Achimwene, tandionereni kaye ndisanapereke ndalama. Ine za makompyuta sindizidziwa."

Mnyamatayo analowerera msanga. "Madala, makina awa ndi mbambande, angofika kumene. Yatsani muone nokha."

Inayakadi bwinobwino. Sikirini yoyera, mabatani onse akugwira, Windows yatsopano. Ndinabaya fulashi yanga, n'kutsegula Prime95, n'kuwauza onse awiri kuti akhale pa benchi tidikire theka la ola. Sitinafike n'komwe. Patatha mphindi ngati khumi ndi ziwiri fani inali ikulira ngati chigayo, kachizindikiro kobiriwira kanasanduka kofiira, ndipo pa windo lina panatuluka mawu amene ndawawerenga kambirimbiri pa ntchito yangayi: "FATAL ERROR: Rounding was 0.5, expected less than 0.4". Nditatsegula kunsi ndinapeza timitengo tiwiri ta RAM tosiyana mtundu, kamodzi kodwala. Mnyamatayo, kunena chilungamo, ndikukhulupirira kuti sankadziwa. Anatsitsa mtengo, ine ndinaika RAM ina, tinayesanso maola awiri osalakwa, mayi aja n'kumasula kansalu kawo.

Anthu ambiri okonza makompyuta amaidziwa Prime95 mpaka pamenepa basi: kapulogalamu kaulere kotenthetsa purosesa. Inenso kwa zaka zingapo ndinkaiona choncho. Koma ndisanayambe kugwira sikuludiraiva ndinaphunzitsako masamu ku sekondale, ndipo tsiku lina funso linandivuta: 0.4 ameneyu ndi wa chiyani? Yankho lake ndi limene linandichititsa kuilemekeza pulogalamuyi, ndiponso kuwononga mayunitsi a magetsi a miyezi iwiri.

Prime95 sanailembere ife okonza makina. Anailemba George Woltman wa ku America, amene mu 1996 anayambitsa ntchito yotchedwa GIMPS, yoti anthu wamba padziko lonse abwereketse makompyuta awo posaka ma prime number akuluakulu. Prime, monga tinaphunzirira ku pulayimale, ndi nambala yoposa 1 imene singagawike ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe: 2, 3, 5, 7, 11, 13, kumapita. Euclid, katswiri wa masamu wa Chigiriki, anasonyeza kalekale, zaka zoposa 2,000 zapitazo, kuti ma prime alibe malire, choncho palibe prime yaikulu kuposa onse. Chimene anthu amalimbirana ndi yaikulu mwa imene tikuidziwa. GIMPS siisaka paliponse. Imayang'ana banja limodzi lokha, la manambala amene umawapeza ukachulukitsa 2 ndi 2 ndi 2 kangapo kenako n'kuchotsapo 1. Kuchulukitsa kawiri kumapereka 4, kuchotsa 1 ndi 3. Katatu, 7. Kasanu, 31. Kasanu ndi kawiri, 127. Timalemba 2^p − 1, pamene p ndi kuchuluka kwa ma 2 aja. Dzina la banjali ndi la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene anakhala ndi moyo kuyambira 1588 mpaka 1648.

Kwa munthu wa makompyuta manambala amenewa ndi okongola mwa njira yakeyake. Mu chiwerengero cha makina, chimene chili ndi 0 ndi 1 basi, 7 ndi 111, 31 ndi 11111, 127 ndi 1111111. Ma 1 okhaokha, opanda 0 ngakhale mmodzi. Ndipo ukawayang'ana choncho umaona wekha chifukwa chake p iyenera kukhala prime. Tengani ma 1 asanu ndi mmodzi, 111111, amene ndi 63. Mungawadule m'magulu ofanana, 11 11 11 kapena 111 111, ndiye kuti 63 agawika ndi 3 komanso ndi 7. Ma 1 asanu simungawadule m'magulu ofanana, ndiye njira imeneyo yatsekeka. Vuto ndi lakuti kutsekeka kwa njira imodzi sikutseka zonse. 11 ndi prime, koma 2^11 − 1 ndi 2,047, amene ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito pano anakana pamene ndinamuuza, mpaka anatenga kakyuleta ya pa foni.

Mersenne mwiniwake anapunthwa pomwepa. Mu 1644 analemba kuti mpaka pa 257, ma p opereka prime ndi 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Pa 67 ndi 257 analakwitsa, ndipo 61, 89 ndi 107 anazidumpha. Sindimuseka ayi, analibe chilichonse koma nthenga ndi inki. Zinatenga mpaka 1903 kuti Frank Nelson Cole aonetse pa msonkhano wa akatswiri a masamu ku New York manambala awiri amene amagawa 2^67 − 1: 193,707,721 ndi 761,838,257,287. Anachita masamuwo pa bolodi pamaso pa anzake.

Funso ndiye ndi ili: ungadziwe bwanji kuti nambala ya madijiti mamiliyoni ndi prime? Kuyesa kuigawa ndi nambala imodziimodzi n'kosatheka, dzuwa lingathime usanayambe n'komwe. Koma banja la Mersenne lili ndi njira yachidule imene manambala ena alibe. Anaiyamba Édouard Lucas, amene mu 1876 anatsimikiza pamanja kuti 2^127 − 1, ya madijiti 39, ndi prime, ndipo D. H. Lehmer anadzaikonza bwino m'ma 1930. Njirayi ndi yophweka moti ndinkatha kuiphunzitsa ana a Fomu 2. Yambani ndi 4. Ichulukitseni ndi iyo yomwe, chotsanipo 2, gawani ndi nambala mukuiyesayo, sungani chotsala. Chotsalacho chichiteni chimodzimodzi. Bwerezani maulendo okwana p kuchotsa 2. Mukathera pa 0, nambalayo ndi prime. Mukathera pena paliponse, si prime.

Tiyese ndi 31, pamene p ndi 5, ndiye maulendo ndi atatu. 4 kuchulukitsa 4 ndi 16, kuchotsa 2 ndi 14. 14 kuchulukitsa 14 ndi 196, kuchotsa 2 ndi 194, kugawa ndi 31 patsala 8. 8 kuchulukitsa 8 ndi 64, kuchotsa 2 ndi 62, kugawa ndi 31 patsala 0. Basi, 31 ndi prime, ndipo sitinayese kuigawa ndi 3 kapena 5 kapena 7. Pa 127 mndandanda wake ndi 4, 14, 67, 42, 111, 0. Pa 2,047 mumathera pa 1,736, ndipo njirayi imangokuuzani kuti si prime, osakuuzani kuti chikuigawa n'chiyani. Chimenechi chimandisangalatsabe mpaka lero: ukudziwa kuti m'nyumbamo muli wakuba, koma nkhope yake sunaione.

Tsopano ganizirani p ya mamiliyoni zana. Ndiye kuti maulendo ndi mamiliyoni zana, ndipo ulendo uliwonse ukuchulukitsa nambala ya madijiti oposa 30 miliyoni ndi iyo yomwe. Yankho la ulendo uno ndi chiyambi cha ulendo wotsatira. Dijiti imodzi ikasokonekera pakati, zonse zotsatira ndi zinyalala. Kuti kuchulukitsa kotereku kufulumire, Prime95 imaduladula nambalayo m'tizidutswa n'kugwiritsa ntchito njira yotchedwa FFT, imene imawerenga ndi madesimo. Pomaliza kachidutswa kalikonse kayenera kubwerera kukhala nambala yathunthu. Makina akakhala bwino, mayankho amatuluka ngati 7.02 kapena 6.97, oonekeratu kuti ndi 7. Koma likatuluka 7.5, ndi 7 kapena 8? Palibe angadziwe. Ndiye pulogalamuyi inaikiratu malire: kutalikirana ndi nambala yathunthu kukapitirira 0.4, imaima n'kunena kuti makina ako alakwitsa samu. Ameneyo ndiye 0.4 wa pa laputopu ya mayi aja. Pamwamba pake, poyesa makina imawapatsa masamu amene mayankho ake ndi odziwika kale n'kufananiza.

Apa mpamene pali phindu lake lonse pa benchi yanga. Kompyuta yodwala pang'ono imatha kubisa matenda. Ukamaonera filimu kadontho kamodzi kakasintha mtundu, diso silingaone. Word ikazizira kamodzi pa sabata, mwiniwake amati ndi vairasi. Koma samu ya Lucas ndi Lehmer ilibe "pafupifupi". Ngakhale Intel inakumana nazo: chakumapeto kwa 2015 anthu oyendetsa Prime95 anapeza kuti mapurosesa ena a Skylake amazizira akapatsidwa samu inayake, kampaniyo inavomera kumayambiriro kwa 2016 n'kutulutsa chokonzera kudzera mu BIOS, pulogalamu ya m'bodi yodzutsa kompyuta. Ndipo sikanali koyamba kuti osaka ma prime agwire cholakwika mu purosesa. Mu 1994 Thomas Nicely, pulofesa wa masamu ku Virginia, anapeza kuti purosesa ya Intel yotchedwa Pentium imalakwitsa kugawa pamene ankawerenga za ma prime oyandikana.

Kagwiritsidwe ka Prime95 n'kosavuta. Mumaitsitsa pa mersenne.org, ndi fayilo ya zip yaing'ono, siifuna kuikidwa m'kompyuta, imayenda kuchokera pa fulashi. Ya Linux imatchedwa mprime. Mukaitsegula koyamba imakufunsani ngati mukulowa GIMPS kapena mukungoyesa makina. Dinani "Just Stress Testing". Kenako pali zosankha. Small FFTs imapanikiza purosesa yokha ndipo ndi imene imatenthetsa kwambiri. Blend imasakaniza, n'kugwiritsa ntchito RAM yambiri. Ine ndimayamba ndi Blend. Ikalakwa, ndimayesa Small FFTs: ikapambana pamenepo ndimakayikira RAM, ikalakwanso ndimayang'ana purosesa, kutentha kapena magetsi olowa m'bodi. Pa laputopu ya kaunjika yoti kasitomala akudikira, theka la ola limagwira zambiri. Pa desikitopu ya ofesi yowerengera ndalama ndimaisiya usiku wonse, magetsi akalola.

Zodandaula ndili nazo, ndipo si zochepa. Maonekedwe ake ndi a nthawi ya Windows 95 enieni, timawindo tamawu ang'onoang'ono a Chingerezi cha akatswiri, palibe chothandiza munthu woyamba. Siionetsa kutentha kwa purosesa, chinthu chimene pulogalamu yotenthetsa makina chotere inayenera kuonetsa patsogolo penipeni; muyenera kutsegula pulogalamu ina pambali yoonera madigiri. Ikapeza cholakwika siitchula chiwalo chodwala, imangoti makina alephera, zina zonse mufufuze nokha. Batire, hadi disiki, kiyibodi ndi khadi la zithunzi siziyesa n'komwe, choncho laputopu ingapambane Prime95 koma batire yake n'kumatha mphindi khumi. Ndipo pali kamsampha kamene kanandipweteka: kutseka windo lake sikuimitsa ntchito, imangobisala pansi pafupi ndi wotchi, muyenera kudina Stop. Mnyamata wanga uja tsiku lina anadina X, n'kuika laputopu ya kasitomala m'chikwama ili yoyaka. Tinaipeza ikutentha ngati mbaula, mwamwayi inali itazima yokha isanapse.

"Iwe, ndinati chiyani za Stop?"

"Ndinatseka, bwana."

"Unatseka chitseko, moto ukuyaka m'kati."

Chenjezo langa ndi lakuti laputopu yodzadza fumbi musaiyese musanaipukute. Ya kaunjika yambiri imabwera fani itatsekeka ndi ubweya, pesiti wa pa purosesa atauma ngati dothi la mu Okutobala. Ipemerereni ndi bulowa, pakani pesiti watsopano, ikani pa tebulo louma osati pa bedi, ndipo madigiri akamayandikira 95 imitsani. Prime95 siiwononga makina abwino, koma makina amene anali kale m'mphepete imawakankha.

Mbali inayo, ya kusaka nambala, ndinailowa chaka chatha. Ndili ndi desikitopu yakale ya Core i5 imene mwiniwake sanabwere kudzaitenga, ndiye ndinati igwireko ntchito. Ndinalembetsa dzina pa seva yawo yotchedwa PrimeNet, n'kupatsidwa p yanga. Seva imagawa ntchito zosiyanasiyana. Ina ndi yosaka manambala ang'onoang'ono ogawa, kuti amene aonekeratu kuti si prime achotsedwe asanawononge nthawi ya wina. Izi zimatheka chifukwa cha khalidwe lina la banjali: chilichonse chogawa 2^p − 1 chimakhala p kuchulukitsa nambala ya even, kuwonjezera 1. Onani 2,047 uja: 23 ndi 11 kawiri kuwonjezera 1, 89 ndi 11 kasanu ndi katatu kuwonjezera 1. Komanso chogawacho ukachigawa ndi 8 patsala 1 kapena 7. Ndiye makina sayesa nambala iliyonse, amadumpha zambirimbiri. Ntchito ina ndi kuyesa p yatsopano, imene masiku ano amaiyamba ndi mayeso otchedwa PRP okhala ndi njira yodzigwira yokha ikalakwitsa, imene anabweretsa Robert Gerbicz. Lucas ndi Lehmer amadzabwera kutsimikiza pakaoneka chiyembekezo. Ndiye palinso kubwereza ntchito imene wina anachita kale, kuona ngati sanalakwitse.

Kwa ife a magetsi othimathima, chinthu chimodzi anachikonza bwino: imasunga pamene yafika mphindi 30 zilizonse, ndiye magetsi akabwera imapitiriza, siyambiranso. Pamenepa ndiwapatsa ulemu. Koma masamu a m'thumba ndi ena. Desikitopu yanga ikamagwira ntchitoyi imadya pafupifupi mawati 100. Pa tsiku ndi mayunitsi 2.4, pa mwezi 72, pa kompyuta imene sikubweretsa ngakhale tambala. Mayeso a PRP akatha amatumizanso fayilo yaikulu ya umboni ku seva, imene pa bando ya foni imaluma. Ndipo pulogalamuyi, pokhala yosanama, ikakuonetsa tsiku lomaliza imakuuzanso mwayi wako wopeza prime. Pa p yatsopano mwayiwo sufika ngakhale 1 pa 500,000.

Amene amva za mphoto aziganizire zimenezi. GIMPS imapereka madola 3,000 kwa wopeza prime ya Mersenne yatsopano. Bungwe la Electronic Frontier Foundation linaika madola 150,000 pa prime yoyamba ya madijiti 100 miliyoni, imene sinapezekebe. Mphoto ya madijiti 10 miliyoni inapita kale pa prime imene inapezeka pa kompyuta ya ku yunivesite ya UCLA ku America mu 2008. Kuchokera mu 1996 GIMPS yapeza ma prime 18 okha. Inde, anthu wamba apambanapo. Jonathan Pace wa ku Tennessee anapeza yake pa 26 Disembala 2017 pa kompyuta ya kutchalitchi kwawo, atasaka zaka 14. Patrick Laroche wa ku Florida anapeza yotsatira pa 7 Disembala 2018, ya madijiti 24,862,048. Koma kenako panadutsa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi kuli zii, ndipo amene anathetsa chilalacho sanagwiritse desikitopu ya pakona. Luke Durant, amene kale ankagwira ntchito ku NVIDIA, kampani yopanga makhadi a zithunzi, anachita lendi makhadi a zithunzi amphamvu zikwizikwi m'mayiko 17, ndipo pulogalamu yake sinali Prime95 koma GpuOwl ya Mihai Preda. Makina a ku Dublin ku Ireland ndi amene anayamba kunena kuti nambala ina ikuoneka ngati prime, a ku San Antonio ku America n'kutsimikiza pa 12 Okutobala 2024. Kupikisana naye ndi i5 yanga kuli ngati kupita pa nyanja ndi mbedza imodzi pamene mnzako waponya makoka kuyambira ku Mangochi mpaka ku Karonga.

Nambala yakeyo, 2^136,279,841 − 1, ndi ya nambala 52 mwa ma prime a Mersenne odziwika, ndipo pamene ndikulemba pano ndiyo prime yaikulu kuposa onse amene anthu akuwadziwa. Ili ndi madijiti 41,024,320. Ndinaitsitsa, ndi fayilo ya mawu ya mamegabayiti 41, ndipo Notepad inavutika kuitsegula. Popeza pa shopu timasindikizanso, ndinawerengera: madijiti 3,000 pa tsamba, ndiye masamba 13,675, marimu a mapepala oposa 27. Kuiwerenga mokweza, dijiti imodzi pa sekondi, osagona osadya, ndi masiku 475. Koma kwa makina ndi chinthu chosavuta kufotokoza kuposa nambala ya foni: ma 1 okwana 136,279,841 ondondozana.

Chimene ndimakonda kuonetsa anthu ndi chakuti ungadziwe zambiri za chilombo chotere osachiona. Kuchuluka kwa madijiti ake ungakuyerekeze pochulukitsa p ndi 0.30103, upeza 41 miliyoni ndi kanthu. Mathero ake ungawapeze pa pepala. Ma 2 ochulukitsidwa amathera ndi 2, 4, 8, 6, kenako 2, 4, 8, 6 kubwereza. Madijiti atatu omaliza nawo amabwereza pakadutsa 100 aliyense. Ndiye mwa p yonse ija tingoyang'ana 41 wa kumapeto. 2^41 ndi 2,199,023,255,552, amene akuthera ndi 552, kuchotsa 1 ndi 551. Ndinamulembera mnyamata wanga 551 pa kapepala, ndinamuuza atsike mpaka pansi pa fayilo ija. Anapeza 551, n'kundiyang'ana ngati ndalodza.

Palinso ubale wake ndi manambala amene akale ankawatcha angwiro, amene ukaphatikiza zonse zowagawa kupatula iwo eni umapeza iwo omwe. 6 ndi 1 + 2 + 3. 28 ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Otsatira ndi 496 ndi 8,128. Euclid anaona kuti prime ya Mersenne iliyonse imabala nambala yangwiro ukaichulukitsa ndi theka la 2^p: 3 ndi 2 apereka 6, 7 ndi 4 apereka 28, 31 ndi 16 apereka 496. Leonhard Euler anadzasonyeza kuti nambala yangwiro ya even iliyonse imachokera pamenepa basi. Choncho Durant anapezanso nambala yangwiro ya nambala 52, ya madijiti oposa 82 miliyoni. Ngati ilipo yangwiro ya odd, palibe katswiri amene waipeza kapena kutsimikiza kuti kulibe, ndipo ngati ma prime a Mersenne ali ndi malire nalonso ndi funso lotsegukabe.

Makasitomala amafunsa kuti nambalayi imagwira ntchito yanji, ena amati mwina ndi imene imateteza ndalama za ku banki. Ayi. Makiyi a RSA, obisira uthenga pa intaneti, amagwiritsa ma prime a madijiti mazana angapo, obisika, osati yotchuka imene aliyense angaitsitse. Abale ake ang'onoang'ono ndi amene ali pa ntchito: 2^31 − 1, amene ndi 2,147,483,647, Euler anatsimikiza kuti ndi prime, ndipo aliyense wolemba mapulogalamu amamudziwa ngati malire a nambala ya ma bit 32. Yaikuluyi ntchito yake yooneka ndi imene yatsalira m'njira: kusaka kwake kunatipatsa chida chimene chili pa fulashi yangayi.

Ine nditaona mwayi wa 1 pa 500,000 uja ndinasintha, ndinapempha ntchito yobwereza. Anandipatsa p ya m'ma 70 miliyoni imene munthu wina, kwina kwake, anaiyesa zaka zapitazo. Prime95 inalonjeza masabata atatu. Ndi kuthima kwa magetsi, komanso masiku amene ndinkaizimitsa kuti mayunitsi afike kumapeto kwa mwezi, inatenga miyezi iwiri. Lachinayi lina masana, ndikusintha sikirini ya foni ya munthu, mzere unatuluka wakuti nambalayo si prime, limodzi ndi zilembo 16 za kumapeto kwa chotsala chake. Madzulo ndinagula bando n'kutsegula tsamba la p imeneyo pa mersenne.org. Panali mizere iwiri, wa munthu uja ndi wanga pansi pake, zilembo 16 zofanana chimodzichimodzi. Ndinajambula pa foni, ndinazimitsa desikitopu, ndipo mawa lake ndinaigulitsa kwa bambo wina wa sitolo ya simenti, ndikumuuza mosaphethira kuti makina amenewa salakwitsa samu.